Ming'oma ya Mkamwini

Ndinabadwira ku Lungwena, m'banja la asodzi, koma bwato silinandikonde ndipo inenso sindinalikonde. Sukulu ndinalekeza Sitandade sikisi. Nditakula ndinakwera kumapiri a kum'mawa kukagula nsungwi. Kumeneko ndinaona mkazi akupeta mapira pakhomo la amake. Chaka chotsatira ndinamanga nyumba kwawo, ndipo ndinakhala mkamwini mpaka imvi.

Mkamwini alibe dothi. Amalima, amakolola, amabereka ana, koma munda ndi wa mkazi ndi abale ake. Izi ndinkazidziwa kuyambira tsiku loyamba. Palibe anandinamiza.

Munda wa akazi anga unali m'tsinde mwa phiri. Kumtunda kwa mundawo kunali nkhalango yokwera mpaka pamiyala ya pansonga. Apongozi anga pondilozera malire anati, "Munda ukakuchepera, gwetsa uko." Sindinagwetse. Akamwini anzanga anagwetsa mbali zawo nalima mpaka pamwamba. Ine ndinkatuta manyowa a mbuzi kuthira m'munda wam'munsi, nkhalango ndinaisiya. Ankandiseka kuti munthu wa kunyanja amaopa nkhwangwa. Ndinawasiya aseke. Zimene ndikulemba pano ndi za mitengo imeneyo ndi za anthu amene anaidya.

Ana a masiku ano amati tchire ndi tchire basi. Sadziwa kanthu. Amadziwa mayina a osewera mpira a kunja, koma msuku ndi mombo sangasiyanitse.

Chaka cha nkhalango chimayamba mu Sepitembala. Kunja kuli gwa, fumbi lili m'mano, mvula sinagwe ngakhale dontho, koma miombo imaphuka masamba atsopano ofiira. Ina imafiira ngati chiwindi, ina ngati uchi wakale. Phiri lonse limaoneka ngati layaka koma lopanda utsi. Pakapita masiku masambawo amabiriwira, maluwa n'kutuluka. Ukaima pansi pa mtengo umamva njuchi zikulira ngati injini ili patali. Masana nyenje zimaboola makutu. Ndikakwera pamiyala ya pansonga ndinkaona nyanja pansipo ikung'anima ngati lata latsopano, ndi timabwato ta abale anga ngati nyerere. Sindinkawasirira.

Kenako masuku ankayamba kulakatika. Anyani ankatsika kuchokera kumiyala, wamkulu patsogolo, ana atakwera pamisana. Ankadya mbali yawo, akazi anga ankatola mbali yawo, osayambana. Mvula yoyamba ikagwa dothi linkanunkhira mpaka m'nyumba. Ngumbi zinkatuluka pachulu cha pamalire. Bowa ankabwera motsatana, utale, ndelema, kenako manyame wofiira uja wa pansi pa miombo. Akazi anga ankadziwa mtengo uliwonse umene umabala bowa ndipo sankauza munthu, ngakhale mng'ono wawo. Ankati, "Inu munakwatira phiri. Ine munangonditenga kuti ndizikuphikirani." Koma bowayo ankamudya kuposa ine.

Dzinja likakhwima khwawa la pakati pa nkhalango linkayenda madzi oyera, oti munthu n'kugwada n'kumwa. Makwawa a anzanga ogwetsa aja ankatsika ofiira ngati phala la mawere, atanyamula minda yawo kupita nayo kunyanja. Iwo ankati ndi mvula yoipa. M'mawa nkhungu inkagona paphiri mpaka dzuwa litakwera. Ndinkakumana ndi gwape m'kanjira, amaima n'kundiyang'ana, kenako n'kulowa muudzu osathamanga. Nguluwe zinkandivuta ku chinangwa, sindingazitamande. Nungu nayenso ndi mbava. Koma munda wopanda mdani sindinauonepo.

Masika chimanga chikauma, udzu wa m'nkhalango unkasanduka wotuwa kunsonga. Nkhanga zinkasonkhana m'magulu kudzatola m'munda. Mwera unkayamba kuomba kuchokera kunyanja, wozizira mpaka m'mafupa, nandolo ali maluwa. Nthawi imeneyo ndiye inali ya ntchito yanga yaikulu.

Akazi akamweta udzu wofolera, wotsalawo ndinkautentha ndekha mu Juni. Udzu umakhala utauma kunsonga koma kutsinde udakali wauwisi. Ndinkayatsa m'mawa mame asanathe, kopanda mphepo. Moto wotero umayenda chokwawa, munthu wamkulu akhoza kuulumpha. Umadya udzu, timitengo tating'ono umangotinyambita. Ndiye pofika Okutobala, moto wa zitsiru zotentha tchire ukabwera, unkapeza palibe chodya n'kufera pamalire. Ndinachita zimenezi chaka ndi chaka. Anthu a pamudzi ankaona utsiwo, koma palibe anabwera kudzafunsa chifukwa chake.

Ntchito yachiwiri inali ming'oma ya njuchi. Ndinkasema zipika za mitengo yogwa yokha, kupaka sera m'kati, n'kuzipachika ndi luzi panthambi zazitali. Ndinaimwaza m'nkhalango monse, makamaka m'mitengo ikuluikulu. Kumapiriko aliyense amadziwa kuti mtengo umene wanyamula mng'oma wa munthu sudulidwa, ndi yoyandikana nayo yomwe. Dothi likhale lako, umayamba wapita kwa mwini mng'oma kuti atsitse yekha. Dothi silinali langa, mitengo sinali yanga, koma ming'oma inali yanga.

Tinabereka ana aamuna awiri. Onse anakwatira kutali, wina akugwira ntchito ku hotela ku Makokola. Wamkazi anatisiya ali wakhanda. Choncho pamene akazi anga anadwala m'mwezi wa Febuluwale, masiku ochepa n'kumwalira, ndinadziwa kuti pamudzipo ndatsala ndilibe chondigwira.

Itatha sadaka ya arubaini, ya tsiku la makumi anayi chimwalirireni, abale awo anandiitana pansi pa mtengo wa mango. Panali mlongo wawo wa malemu, amene ndi mwini mbumba, munthu wofatsa ngati nkhosa yodwala. Panali mng'ono wawo wa malemu, mlamu wanga, amene munda umagwera kwa iye. Panalinso mwana wake wamwamuna wa mlamuyo, wobwera kumene kuchokera ku Joni.

Ameneyu ndimufotokoze. Anapita ku Joni ndi jumbo m'manja, anabwerako ndi njinga yamoto ndi nsapato zoyera zimene ankazipukuta ndi mpango akaponda fumbi. Ali mwana ndinkamusenza paphewa kuti athyole mpoza, ankanditchula kuti baba. Atabwerako ndinasanduka madala. Anali ataumbitsa njerwa zodzaza bwalo, ndipo njerwa zimafuna nkhuni.

Mwini mbumba anatsokomola nati, "Alamu, munatisungira mlongo wathu bwino. Sitikukuthamangitsani. Koma mwambo mukuudziwa."

"Ndikuudziwa. Nenani."

"Takusudzulani. Tengani zanu zonse, palibe akuletseni."

Anatulutsa makasu anga, nkhwangwa, njinga, mphasa, ndi mbuzi zanga. Sindinadandaule. Mwambo ndi umenewo, ndinaupeza.

Wa ku Joni uja anali atakhala panjinga yake yamoto, akuseweretsa makiyi. Anati, "Ndi mabokosi anu a njuchi aja, madala. Mutsitse sabata ino. Njerwa zanga zikudikira."

"Si mabokosi. Ndi ming'oma."

"Zilizonsezo."

"Ndipo sinditsitsa. Muli ana a njuchi."

"Ndiye mutsitsa liti?"

"Ndikafuna."

Anayang'ana kwa amalume ake. Amalumewo anayang'ana zala za kumapazi kwawo. Kenako anati, "Pamenepo alamu sanalakwe. Tiwadikire."

Mlamu wanga anaomba m'manja. "Alamu, inu! Tizilombo touluka timukanize mwana nyumba?"

"Amange ya zidina. Ine ndi akulu anu tinagona m'zidina mpaka imfa, denga silinatigwere."

Mnyamatayo anaseka mpaka kugwira pamimba. "Ndichoke ku Joni kudzagona m'zidina? Anthu ati ndinkatani kumeneko?"

"Ifenso tikufunsa zomwezo," ndinatero.

Sanasekenso. Ndinamanga katundu panjinga, mbuzi patsogolo, n'kutsika.

Ku Lungwena ndinafikira kwa mwana wa mlongo wanga. Anandilandira bwino, sindinganene zoipa. Koma kunyanja kwa masiku ano ndi phokoso lokhalokha. Mainjini, mawailesi, anyamata athanzi atakhala pamthunzi kudikira foni ya ku Joni. Mitengo yatsala ndi milambe yokha, chifukwa mlambe suyaka. Ndinkadzuka m'mawa n'kuyang'ana kum'mawa. Phiri langa linkaoneka bwino, chigamba chakuda pakati pa mapiri ometedwa.

Juni atakwana ndinatenga machesi n'kukwera. Chaka chimenecho mvula inagwa yambiri, udzu unali wopitirira mutu wa munthu. Palibe anamweta, chifukwa aliyense tsopano akulota malata. Ndinafika pamalire mame adakalipo, ndinagwada kuti ndiyatse. Ndinangomva mfuu kumbuyo kwanga.

"Bwerani kuno! Akutiotchera nkhuni! Nsanje, anthuni, nsanje!"

Anali mlamu wanga, khasu lili m'manja. Mayi ameneyu anakulira pamudzi pomwepo. Utsi wanga wa Juni anauona kuyambira ali namwali mpaka kukhala ndi zidzukulu. Tsiku limenelo anaganiza kuti ndabwera kudzabwezera.

"Alamu, chaka chilichonse ndimatentha. Simunaonepo?"

"Kale munkatentha zanu. Lero mukutentha zathu!"

Mwana wake anabwera akuthamanga, nsapato zoyera zitanyowa ndi mame, nanditsomphola machesi. "Madala, mwakalamba, mutu wayamba kuzungulira. Moto m'nkhalango? Ku Joni akanakumangani."

"Ukapanda kutentha lero, Okutobala adzakutenthera."

"Okutobala ndi ndani, mnzanu?"

Anakaitana mwini mbumba. Anabwera akukoka mapazi, anamvetsera mbali zonse, nati, "Alamu, ming'oma ndi yanu. Koma udzu si wanu."

Sananame. Udzu sunali wanga. Ndinazungulira ming'oma yanga, ndinaona kuti ili bwino, n'kutsika.

Za Okutobala sindinalipo. Ndinamva kwa anyamata otsitsa nkhuni panjinga, ndipo pambuyo pake mlamu wanga yemwe anavomera kuti zinayenda chomwecho. Wa ku Joni anatopa kudikira. Anaona mitambo yayamba kusonkhana, njerwa zake zosaotcha zili pabwalo. Anatenga anzake awiri kuti akatsitse okha ming'oma.

Munthu wofula njuchi amapita kutazizira, ndi utsi wofatsa wa chikuni chofumbwa. Amayenda pang'onopang'ono, salankhula. Awa anapita dzuwa lili paliwombo, mwezi wotentha kuposa yonse, njuchi zili pa ukali wake. Utsi wawo unali tayala lakale la njinga yamoto. Analiyatsa, kulikoleka kunsonga ya nsungwi, n'kulikweza kukamwa kwa mng'oma. Akuti anati utsi wa tayala ndi wamphamvu, njuchi zikomoka zonse nthawi imodzi.

Sizinakomoke. Zinatuluka mng'oma wonse, ndi za m'ming'oma yoyandikana zomwe. Anyamatawo anataya nsungwi ndi tayala lake muudzu uja n'kuliyatsa liwiro.

Ine ndinali pakhonde ku Lungwena ndikusoka dengu. Mwana wa mlongo wanga anati, "Amjomba, taonani kwanu kuja." Utsi unali utaima paphiri, wakuda, wonenepa. Utsi wa Juni umakhala woyera ndi wopyapyala. Ndinaika dengu pansi. Sindinadye tsiku limenelo.

M'mawa mwake ndinakwera. Kuyambira pamalire mpaka pamiyala panali phulusa lofika m'akakolo, lotentha kunsi. Timitengo tonse timene ndinatilera tinasanduka timakala toimirira. Masamba ofiira aja anali atapsa asanabiriwire n'komwe. Ndinapeza fulu atauma m'chigoba chake. Patsogolo pang'ono, gwape wamkazi pafupi ndi khwawa, miyendo itaongoka. Akabawi ankazungulira m'mwamba kudikira zotsala. Luzi linapsa, ming'oma inagwa pansi n'kuyaka ndi sera wake yemwe. Nkhalango yonse inkanunkha uchi wopserera. Ndinapita pamtengo uliwonse umene ndinapachikapo. Palibe mng'oma unatsala.

Potsika ndinawapeza pansi pa mango paja. Wa ku Joni anali atagona pamphasa, nkhope itatupa ngati dzungu, maso atatsekeka, milomo ngati ya ng'ombe. Amake ankamupaka phulusa lonyowa.

"Wanenepa, mwana wa ku Joni," ndinatero.

"Alamu, mwana akufa, inu mukuseka?"

"Safa. Njuchi zimene zinamuluma ndi zimene zafa."

Wa ku Joni uja anayankhula movutikira, mawu akutuluka ngati ali ndi mbatata m'kamwa. "Ming'oma yanu kulibe tsopano, madala. Mitengo yapsa. Kudula mtengo wakufa si mlandu."

Ndinagwira mwini mbumba padzanja n'kupita naye pamalire. Panali mombo waukulu, wakuda bii kuyambira pansi mpaka kunthambi. Ndinatulutsa mpeni n'kusenda khungwa. M'kati munali monyowa, mofiira, madzi akutuluka.

"Onani. Uwu ndi wamoyo. Ikuluikulu yonse ndi yamoyo. Mvula ikagwa iphuka. Ingoisiyani."

Anakhudza ndi chala, nayang'ana chalacho nthawi yaitali. Anati, "Kaya, alamu." Munthu ameneyu moyo wake wonse anaumaliza ndi kaya.

Anati andipatsa mbuzi ya chipepeso chifukwa cha ming'oma. Ndinati aidye okha. Chimene ndinali nacho pa phirilo chinali ming'oma, ndipo inali itapsa. Mawu anga anapsera limodzi.

Nkhope itaphwa, wa ku Joni anabweretsa macheka a injini. Kale kugwetsa muwanga kunkafuna mwamuna, nkhwangwa inkabwerera ngati yamenya mwala. Makina aja sasankha. Mwana woti sangathe kunola mpeni amagwetsa mtengo umene unaona agogo a agogo ake, ndudu ili pakamwa. Uvuni unayaka, njerwa zinapsa bwino, ndinamva kuti anthu anaziyamikira. Mitengo yotsala anaiotcha makala. Mvula yoyamba inapeza zitsa zokhazokha.

Nyumba inamangidwa, yaikulu, ya malata abuluu. Ndinaiona kamodzi popita kumanda a akazi anga. Mawindo anawatseka ndi njerwa chifukwa mwini wake anabwerera ku Joni asanaike magalasi. Pakhonde pamagona mbuzi. Kumbuyo kwake phiri lili mbee. Sepitembala kulibe kufiira, Disembala kulibe masuku, khwawa limayenda tsiku la mvula lokha, lofiira ngati a anzake. Zitsa zinali zitaphuka mphukira, mbuzi zikuzibudula.

Patapita zaka ziwiri mlamu wanga anatsika pa kabaza. Anandipeza pakhonde. Anagwada patali, napereka moni wautali, n'kuika kathumba ka nandolo pafupi ndi mapazi anga. Ndinadziwa kuti nandoloyo ali ndi mchira.

"Alamu, mwana wanu uja anaimba foni."

"Ndilibe mwana ku Joni."

"Akuti uchi ukuyenda malonda m'mahotela, ku Makokola mpaka ku Nkhudzi. Anauza kalipentala akhome mabokosi abwino, opaka penti. Tinawaika pamitengo."

"Mitengo iti?"

"Tinazika mapolo."

"Ndiye?"

"Mwezi ndi mwezi, muli abuluzi okhaokha. Njuchi ayi." Anasendera pafupi n'kutsitsa mawu. "Chonde alamu, zakale zinapita. Tipatseniko mankhwala aja."

"Mankhwala ati?"

"Oitanira njuchi. Aliyense amadziwa kuti munali nawo. Akulu anga sakanakubisirani, inunso musatibisire."

Ndinamuyang'ana mayi ameneyu. Zaka zonse zija ankandiona ndikukwera phiri ndi chikwanje, ndikutsika ndi thukuta, ndipo m'mutu mwake ankati ndi mankhwala.

"Njuchi zimadya maluwa a mitengo," ndinatero. "Penti sizidya."

"Ndiye titani?"

"Mangani mbuzi. Pachitsa chilichonse siyani mphukira ziwiri zamphamvu, zinazo sadzani. Juni akafika tenthani udzu m'mawa. Nkhwangwa isakwere. Zitsazo zili ndi mizu, zidzabwerera."

"Mpaka liti?"

"Ine ndi inu tidzakhala titapita. Adzukulu anu adzafula."

"Ndiye mwatikaniza."

"Ndakuuzani zonse."

"Mtima wanu ndi wouma, alamu. Akulu anga anapirira."

Anadzuka n'kukung'untha chitenje. Anayang'ana kathumba ka nandolo kaja, ndikuganiza kuti anafuna kukatenga, koma manyazi anamugwira. Wa kabaza anali akudikira pamsewu.

Chilimwe chathachi anyamata a makala anandiuza kuti kumeneko ayamba kukumba zitsa. Akuti makala a zitsa ndi olemera, amakhalitsa pambaula, ndipo m'tauni amawakonda.